Mwana wanga akamva belu la kusukulu amabisala pansi pa desiki

Mayi a Yamikani (Rosettenville)
Mwaswera bwanji abale anga. Ndilemba zambiri, mundipirire. Dzulo ndinaitanidwanso kusukulu kwa Yamikani, kachitatu teremu ino yokha. Ali Grade 1, zaka 7. Aphunzitsi akuti belu likangolira amatseka makutu n'kulowa pansi pa desiki, akamukoka amaluma. Lachiwiri ali pamzere mnzake anangomugunda paphewa, iye n'kumukankha mpaka kugwa. Kunyumba nkhondo yathu ndi ya m'mawa, nkhani yake sokosi. Akuti ikumubaya ngati chisoso, chonsecho ndi yatsopano ya ku sitolo ya PEP. Juzi ya sukulu savala ngakhale mu June muja chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Kumeta ndiye musanene, wometa wa pakona pathu anachita kutiuza kuti tisabwerenso. Chakudya ndi nsima ndi dzira lokazinga basi, msuzi ukangokhudza nsimayo mbale yonse yatha ntchito. Koma nzeru ali nazo, kuwerenga akuposa anzake. Aphunzitsi anatchula mawu akuti sensory processing, kutanthauza momwe ubongo umasanjira zomwe thupi likumva, akuti ndimupititse kwa occupational therapist (OT), katswiri wothandiza munthu kuti azitha kuchita zinthu za tsiku ndi tsiku. Bambo ake akuti ndamulekerera ndine. Apongozi ku Ntcheu akuti timutumize kumudzi akamuone anthu odziwa. Ine mutu waima. Alipo anakumanapo nazo?

Ankolo Mbewe (Cosmo City)
Mayi, mundikhululukire koma ndinena mosapsatira. Ife tinakula tikumetedwa ndi lezala pansi pa mtengo, kabudula wa kaki wouma gwa, sopo wake wa mu mtsinje. Palibe amene anali ndi sensory. Ana a ku Joni kuno akhuta. Kamkwapulo kamodzi sokosiyo avala yekha.

Nabanda (Turffontein)
Ankolo, analipo, kungoti tinkawapatsa mayina ena. Kwathu ku Dedza kunali mnyamata wina, akamutuma kuchigayo ankasiya thumba pakhomo n'kuthawira kudambo. Gule akamalira iye ali m'nkhokwe wadzitsekera. Tinkamuseka kuti ndi wozerezeka. Anamenyedwa ndi aliyense pamudzi paja ndipo sanasinthe, anangosiyira sukulu Sitandade 2. Ndikamukumbukira pano ndimachita manyazi.

Che Jafali (Mayfair)
Komanso Ankolo musaiwale kuno ku South Africa si kwathu. Kukwapula kusukulu analetsa kalekale mu 1996, ndipo mu 2019 Constitutional Court inagamula kuti ngakhale kholo kunyumba lisamenye mwana ponena kuti likumulanga. Mwana akapita ndi mikwingwirima m'kalasi, mayiwa ndi amene akayankhe mafunso kwa a social worker, inu muli phee ku Cosmo.

Ankolo Mbewe (Cosmo City)
Ndamva, ndamva. Ine ndimangonena.

Anachisale (Randburg)
Mayi a Yamikani, pumani kaye mtima ukhale m'malo. Ine ndalera ana a mabwana zaka 9, ndipo mmodzi mwa iwo anali ndendende ngati wanuyo. Ndinkamuperekeza kwa OT sabata iliyonse, ndinkakhala pakona n'kumaonera, ndiye ndinatolako zina.

Chomwe chinanditsegula maso ndi ichi. Tsiku lina OT uja anandifunsa kuti, munakwerapo takisi yomwe sipika ili kumbuyo kwa mutu wanu, dalaivala akuimba hutala osalekeza, wina akukupanikizani ndi chikwama, dzuwa likuswa pawindo? Ndinati tsiku ndi tsiku, kuchokera pa renki ya Bree. Akuti mukatsika mumakhala bwanji? Ndinati munthu akangondilankhula ndikhoza kumulumira. Akuti ndiye mwanayu amakhala m'takisi imeneyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo alibe potsikira. Zomwe ife ubongo wathu umazitaya wokha, monga kulira kwa filiji, msoko wa sokosi, fungo la polishi, kwa iye zonse zimafika ndi mphamvu imodzi. Kuluma kuja si chipongwe, ndi munthu amene wafika pamapeto.

Yambani ndi zosalira ndalama. Sokosi muvekeni chotembenuza, msoko ukhale kunja. Dulani timapepala ta kukhosi kwa malaya, mudule mpaka pansi chifukwa kachitsa kotsalako kamabaya kuposa pepala lenilenilo. Yunifolomu yatsopano muichape kangapo isanavalidwe. Juzi ikakhala yoyabwa muvekeni kaye kamalaya kofewa ka manja aatali mkati. Mukamamugwira gwirani motsimikiza, osati mosisita. Ana ambiri otere kukhudzidwa pang'onopang'ono ndi kumene kumawapweteka, makamaka kochokera kumbuyo asakuyembekezera. N'chifukwa chake pamzere paja zinavuta.

Mayi a Yamikani (Rosettenville)
Mayo ine. Zoona, ndikamukumbatira mwamphamvu amakhala phee, koma ndikangomusisita kumutu amandichotsa dzanja. Ndinkaganiza kuti sandifuna.

Madalitso (Braamfontein)
Moni nonse, ndine wamng'ono pagulu pano koma ndikuphunzira za occupational therapy, ndiye ndiikepo mlomo. Anachisale afotokoza bwino kuposa mabuku athu ena.

Kusukulu tinaphunzitsidwa kuti thupi limamva m'njira zisanu: maso, makutu, mphuno, lilime ndi khungu. Zilipo zina. Mkati mwa khutu muli tiziwalo touza ubongo ngati mutu waweramira, ukuzungulira kapena wakhazikika. M'minofu ndi m'mfundo za mafupa muli zina zouza ubongo pomwe pali mkono kapena mwendo ngakhale mutatsinzina. Palinso kumva za m'kati mwa thupi, monga njala, ludzu ndi mkodzo. Ubongo umayenera kusanja zonsezi, zina n'kuzikweza zina n'kuzitsitsa. Ukamalephera kusanja bwino, ana ena amamva mopitirira ngati Yamikani. Ena amamva mochepa, amagwa magazi ali chuchuchu osalira. Ena amachita kuzisakasaka, kudumpha pamipando, kuzungulirazungulira, kutafuna kolala ndi mapensulo. Mwana mmodzi akhoza kukhala nazo zosakanikirana.

Amene anayambitsa maganizo amenewa ndi A. Jean Ayres, OT wa ku America, buku lake lodziwika pankhaniyi linatuluka mu 1972. Koma ndinene chilungamo pa mbali inayo, kuti musadabwe mukafika kwa dokotala. M'buku la DSM-5 la 2013, lomwe madokotala ambiri a za ubongo ndi maganizo amagwiritsa ntchito, sensory processing disorder sinalembedwe ngati vuto loima palokha. Kumva mopitirira kapena mochepa kunalembedwa ngati chimodzi mwa zizindikiro za autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu. Ndipo mu 2012 bungwe la American Academy of Pediatrics linalangiza madokotala kuti asamangothera pa dzina limeneli, aziyang'ananso ngati pali autism, ADHD (kulephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi), vuto la kayendetsedwe ka thupi kapena nkhawa. Sindikunena kuti Yamikani ali ndi autism ayi, palibe angadziwe zimenezo pa foni. Ndikunena kuti apimidwe yense, ndipo makutu ayambe ndiwo, chifukwa nthawi zina khutu lodwala limachititsa mwana kudana ndi phokoso.

Ankolo Mbewe (Cosmo City)
Ehe! Mwamva nokha, ngakhale madokotala sakugwirizana. Si bizinesi chabe iyi yodyera makolo?

Madalitso (Braamfontein)
Ankolo, akukangana pa dzina komanso pa kuti chithandizo chiti chimagwiradi ntchito. Zoti pali ana amene phokoso ndi zovala zimawazunza palibe akutsutsa. Koma pa za ndalama muli ndi mfundo. Pa intaneti pali ogulitsa zinthu zodula zambirimbiri polonjeza kuti mwana achira. OT weniweni amakhala wolembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito za umoyo kuno, ndipo amagwirizana nanu zolinga zooneka ndi maso, monga kuti pofika mwezi wakutiwakuti mwana azitha kuvala yekha kapena kukhala pa assembly mphindi 10. Miyezi ikamapita popanda kusintha muli ndi ufulu wofunsa.

Abiti Saidi (Fordsburg)
Wanga ndi wa mtundu winawo, wosakasaka. Mtsikana wa zaka 5. Tikukhala chipinda chimodzi anthu anayi, ndiye tangoganizani. Amadumpha kuchokera pabedi kugwera pa thumba la ufa, makolala onse anatafuna, ku crèche anandiuza kuti amakumbatira anzake mpaka kuwaliza. Ndinali nditatopa ndi kukalipa.

Amene anandithandiza ndi mayi anga, osaphunzira n'komwe. Atabwera kudzacheza anangomuyang'ana masiku awiri n'kunena kuti mwanayu thupi lake likufuna ntchito. Kumudzi akanakhala akutunga madzi, kusinja, kukwera mango, kusewera katungwe, pofika madzulo ali lefu. Kuno wangotsekeredwa ngati nkhuku ya mazira. Anayamba kumupatsa kandowa ka madzi kuti anyamule kuchokera pampopi, kufinya zovala, kukolopa chogwada, kukanda ufa wa mandasi. Madzulo ankamukulunga m'chitenje mwamphamvu ngati akumubereka, mutu uli kunja, n'kumamuimbira. Mwana anayamba kugona bwino. Patapita miyezi OT wa kuchipatala anandiuza zomwezo, kungoti iye anazitchula heavy work. Ndinaseka ndekha.

Madalitso (Braamfontein)
Agogowo apatsidwe digiri. Kukankha, kukoka ndi kunyamula zimakhazika ana ambiri mtima pansi, amitundu yonse iwiri, ndipo ngozi yake ndi yochepa bola katunduyo alingane ndi msinkhu. Pa chitenje chokha ndichenjezeko: nkhope isaphimbidwe, mwana azitha kudzimasula yekha, wamkulu akhale pomwepo, ndipo akakana musamukakamize. Mabulangete olemera aja amagulitsa asafunditsidwe khanda kapena mwana wamng'ono. Komanso za kupukuta khungu ndi burashi zomwe mumaona pa YouTube musayesere panokha popanda OT kukuonetsani.

Transport Joni–Lilongwe
Galimoto inyamuka Loweruka, katundu aliyense timanyamula, mafiliji, mabedi, njinga. Inbox.

Admin
Achimwene, malonda ndi Lachisanu. Ndachotsa zithunzizo.

Mayi a Yamikani (Rosettenville)
Zikomo nonse, ndikulemba m'kope. Koma mantha anga enieni ali kusukulu. Kunyumba ndingathe kupirira. Aphunzitsi ananena kuti zikapitirira mwina sukulu ino si yomuyenera. Ndipo ndisabise, mapepala athu sali bwinobwino. Ndimaopa kuti ndikalankhula kwambiri angotiuza kuti tengani mwana wanu.

Aphunzitsi Kamanga (Tembisa)
Mayi, apa ndi panga. Ndaphunzitsa kuno zaka zingapo, kwathu ndinaphunzitsako ku Chiradzulu kufupi ndi Montfort ku Nguludi komwe amaphunzitsa aphunzitsi a ana a zosowa zapadera.

Za mapepala ziyambe kuchoka. Gawo 29 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira, silinena kuti nzika zokha. Mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti ana opanda zikalata asachotsedwe kapena kukanizidwa sukulu za boma. Sindikunama kuti ma clerk onse amatsatira mokondwa, koma lamulo lili mbali yanu.

Tsono sukulu ya boma singangodzuka n'kunena kuti mwana si wa pano. Pali ndondomeko ya 2014 yotchedwa SIAS, yopezera ndi kuthandizira ana ovutika pa maphunziro, yomwe inachokera ku chikalata cha boma cha White Paper 6 cha 2001. Imayenda chonchi. Mphunzitsi wa kalasi amadzaza fomu ya SNA 1 mothandizana ndi inu kholo, kulemba vuto ndi zomwe wayesa kale m'kalasi. Zikakanika nkhani imapita ku komiti ya pasukulu yotchedwa SBST, iwo amadzaza SNA 2 ndi kukonza pulani ya mwanayo payekha. Zikakanikanso m'pamene imapita ku district, ku DBST, komwe kuli akatswiri. Za special school zimakambidwa kumapeto uko, osati pakhonde ndi mphunzitsi mmodzi wotopa.

Ndati wotopa dala. Musapite kukamenyana naye. Ali ndi ana mwina oposa 40, ndipo iyeyo ndi amene watchula za OT, kutanthauza kuti waona kuti si mwano. Mupite ndi kalata yaifupi yopempha msonkhano ndi SBST, musunge kope lanu. Mukapemphe zinthu zing'onozing'ono zomwe sizimudyera nthawi. Yamikani aziima kumapeto kwa mzere kapena kutsogolo kuti asagundidwe mbali zonse. Desiki yake italikirane ndi chitseko ndi belu. Aphunzitsi azimuuza kukatsala mphindi ziwiri kuti belu lilira, chifukwa phokoso lodziwiratu silipweteka ngati lodzidzimutsa. Akaona kuti wayamba kutekeseka amutume kukasiya mabuku ku ofesi, ayende, anyamule kanthu. Ndipo akalowa pansi pa desiki asamukoke. Pansi pa desiki paja wadzipezera yekha mankhwala, akamusiya mphindi zochepa atuluka.

Chimodzi chomwe ndimakana kwamtuwagalu ndi kumulanda break ngati chilango. Mwana wotere mukamuletsa kuthamanga, masana onse mwadziphera nokha.

Nabanda (Turffontein)
Aphunzitsi mwalankhula. Ndingowonjeza za kuchipatala. Yambirani ku kiliniki ya kwanuko ndi kabuku ka kusikelo ka Road to Health ndi kalata ya kusukulu, mupemphe referral, kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu. Zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke, Rahima Moosa ndi Bara (Baragwanath) ku Soweto zili ndi ma OT ndi opima makutu. Konzekerani kudikira, deti imatha kukhala patali. Wa private ndi ma rand mazanamazana ulendo umodzi. Mwana wa mchemwali wanga anangolipira kupimidwa ndi maulendo ochepa, n'kupempha kuti amulembere zochita kunyumba.

Abiti Saidi (Fordsburg)
Ine pa kiliniki ina anandibweza pageti anthu osavala n'komwe yunifolomu, akuti alendo ayi. Ndinalira njira yonse. Ndinapita ina tsiku lotsatira anandilandira bwinobwino. Musagwe ulesi ndi geti limodzi.

Mayi Busa (Yeoville)
Ndimawerenga mwakachetechete. Mayi a Yamikani, za apongozi anuzo muwayankhe mwaulemu koma mwana asapite kukatemedwa mphini. Khungu lomwe likulephera kupirira sokosi mulipititse ku lezala? Pemphero ndi labwino ndipo tipemphera. Koma ndivomere kulakwa kwathu ife a mipingo. Timapemphera m'tizipinda ting'onoting'ono, masipika awiri akuluakulu, kiyibodi mpaka kumapeto. Mwana akatseka makutu n'kuyamba kukuwa timati chiwanda chaonekera, timamuzungulira anthu 6 tikufuula, manja onse pamutu pake. Ndinazionapo ndi maso anga ndipo ndinali nawo m'gulu lofuulalo. Pano kwathu mayi wa mwana wotere amakhala kufupi ndi khomo, akafuna kutuluka amatuluka, palibe womuyang'ana.

Che Jafali (Mayfair)
Amayi Busa mwanena zolimba mtima.

Anachisale (Randburg)
Za chakudya tisaiwale. Musamubisire ndiwo m'nsima, akazindikira adzasiya ndi nsima yomwe. Mupatseni mbale ziwiri, kapena ija yogawa zigawo. Chatsopano chiikidwe pambali pang'ono chabe, osamuuza kuti adye. Lero angochiona, mawa achinunkhize, tsiku lina achigwire. Zimatenga masabata. Musayambe ndi therere chonde, ngakhale akuluakulu ena limawagonjetsa. Yambani ndi zofanana ndi zomwe amadya kale, monga mbatata yokazinga kapena chinangwa. Koma akamatsika sikelo kapena zakudya zikamacheperachepera, zimenezo ndi za kuchipatala msanga.

Ndipo kope mwatchulalo musangolembamo malangizo athu. Lembanimo tsiku lililonse lomwe zavuta: nthawi yanji, kunali kuti, chinachitika n'chiyani zisanayambe, anagona bwanji, anadya chiyani. OT adzakufunsani zomwezo.

Mayi a Yamikani (Rosettenville)
Abale, ndabweranso patha masabata atatu. Ndikuuzeni momwe zilili.

Sokosi yotembenuza yagwira ntchito tsiku loyamba lomwe, mpaka ndinakwiya kuti chaka chonse tinkalimbana ndi msoko. Juzi akukanabe. Kumeta ndinamumeta ndekha ndi sizasi Lamlungu ali pampando akuonera makatuni, ndinamufunditsa thaulo m'malo mwa pulasitiki ija, tsitsi ndikulichotsa pakhosi msangamsanga. Mutu wake ukuoneka ngati munda wolimidwa usiku koma sanalire.

Kopelo landionetsa zomwe sindinkaziona. Masiku oipa kwambiri kusukulu ndi Lolemba ndi Lachisanu. Lolemba n'chifukwa Loweruka ndi Lamlungu pa tavern yoyandikana nafe nyimbo zimalira mpaka mbandakucha, iye sagona. Lachisanu kuli assembly mu holo. Komanso tsiku lija kunagwa matalala padenga lathu la malata, m'mawa mwake anakodzera pabedi, zomwe anasiya kalekale. Ndasuntha matiresi ake kuchoka ku khoma la ku tavern, ndapachika bulangete pakhomapo. Akabwera kusukulu sindimufunsanso mafunso, ndimamusiya alowe kuseri kwa katani mphindi 20 ndi buledi wake, kenako ndi amene amayamba kulankhula.

Kusukulu msonkhano unachitika, SNA 1 tadzaza. Za mzere ndi za kumuchenjeza belu avomera. Zotseka makutu pa assembly mayi wina wa mu komitimo anakana, akuti ana ena onse adzafunanso. Aphunzitsi ake anandinong'oneza potuluka kuti ndibweretse kalata ya OT zidzatheka. Ku kiliniki referral ndapeza, makutu amupima mwezi wamawa, OT ndiye deti yake ili kutali. Sabata yatha walumanso mnzake kamodzi, ndiye musaganize kuti zatha.

Bambo ake sanenapo kanthu, koma ndinawapeza akudula timapepala ta malaya ndi kaneyala kawo.

Aphunzitsi Kamanga (Tembisa)
Yankho la ana ena adzafunanso ndalimva kambirimbiri. Mwana wovala magalasi anzake safuna magalasi? Amafuna tsiku limodzi n'kuiwala. Podikira kalatayo pemphani kuti pa assembly aziima kumbuyo kufupi ndi khomo, zimenezo sizifuna siginecha ya munthu. Pempho lililonse muzilemba, ndi deti.

Madalitso (Braamfontein)
Zotseka makutu zikapezeka azivala pa nthawi ya phokoso lalikulu yokha, monga assembly, matalala, kapena pa renki. Akamavala tsiku lonse makutu amazolowera bata ndipo phokoso wamba limayamba kumupweteka kwambiri. Muyambe kuganiziranso za makombola a pa New Year, kuno amaphulitsa ngati nkhondo. Mumuuziretu masiku angapo zisanachitike.

Ankolo Mbewe (Cosmo City)
Ine maganizo anga sanasinthe kwenikweni, ndikuonabe kuti mayina achuluka masiku ano. Koma za phokoso ndikuzidziwa, ndagwira grinder zaka 14 ndipo khutu lamanzere linapita. Musataye ndalama kugula za m'masitolo a ana. Ndili ndi ma earmuff awiri a ku site, amodzi sanagwiritsidwepo ntchito, lamba wake amafupika mpaka mutu wa mwana. Ndi achikasu, ngati sachita nawo manyazi.

Mayi a Yamikani (Rosettenville)
Ankolo, chikasu ndiye mtundu wake wapamtima. Ndingawapeze bwanji?

Ankolo Mbewe (Cosmo City)
Loweruka ndikhala mu town cha m'ma 10, ndikutumiza katundu kumudzi. Tikumane pa Park Station mbali ya ku Rissik. Mwanayo musabwere naye, pamalo paja ngakhale ine pamandisokosa.